Chilolezo chokhazikika mu Zambia: mafunso amene anthu amafunsa asanapite kwa loya

Tsambali ndi la anthu olankhula Chichewa amene akukhala mu Lusaka koma si nzika za Zambia: ochokera ku Mchinji, Kasungu, Dedza, Lilongwe, ena ku Tete, amene anabwera pa ntchito, pa geni kapena pa banja, ndipo tsopano akufuna kukhazikika. Mafunsowa ndi amene amamveka kawirikawiri pa maliro, kutchalitchi ndi m'magulu a WhatsApp. Mayankho ake ndi okuthandizani kuti mukafike kwa loya mukudziwa choti mufunse. Salowa m'malo mwa loya amene waona mapepala anu ndi maso ake.

Kodi chilolezo chokhazikika n'chiyani kwenikweni?

Pa mapepala a boma chimalembedwa kuti Residence Permit. Amapereka ndi a Imigireshoni, amene likulu lawo lili ku Kent Building pa msewu wa Haile Selassie, motsatira lamulo la Immigration and Deportation Act la 2010. Mapemiti ena onse amakumangirirani ku chinthu china: Employment Permit kwa abwana amene anakulembani ntchito, Study Permit kusukulu, Spouse Permit ku ukwati. Chinthucho chikatha, pemitinso yatha. Residence Permit imakulolani kukhala muno osayang'ana tsiku limene kontirakiti ya ntchito idzathe, ndipo lamulo la malo la 1995 limaika munthu wokhazikika m'gulu la alendo amene angathe kukhala ndi malo a taitolo. Koma si unzika. Simuvota, simulandira pasipoti ya Zambia, ndipo pemitiyo ikhoza kubwera ndi mfundo zake zimene muyenera kuziwerenga musanasinthe ntchito kapena bizinesi.

Ndani angapemphe?

Lamulo linatsegula makomo ochepa, ndipo munthu amalowa pa limodzi. Amene wagwira Employment Permit zaka 10 zotsatizana. Amene wagwira Investor's Permit kupitirira zaka 3. Mkazi kapena mwamuna wa nzika ya Zambia amene wakhala ndi Spouse Permit zaka zosachepera 5. Mwana wa nzika, kaya ali ndi zaka zingati. Mwana wosakwana zaka 21 wa munthu amene ali kale ndi Residence Permit. Palinso khomo la opuma pa ntchito amene angaonetse kuti ali ndi penshoni kapena chuma chowakwanira osagwiranso ntchito muno.

Taonani kuti palibe khomo lolembedwa kuti "wakhalitsa", "ali ndi nyumba ku Chawama" kapena "mkulu wa mpingo". Ntchito yoyamba ya loya ndi kukuuzani khomo lanu, ndiponso ngati mwafikadi pakhomopo kapena mukadali ndi zaka 2 zoti mudikire.

Ndakhala mu Lusaka zaka zoposa 20, ana anga onse anabadwira kuno, koma sindinakhalepo ndi pemiti. Zaka zimenezi siziwerengedwa?

Ili ndiye funso lopweteka, ndipo yankho lake ndi loti ayi, siziwerengedwa monga mmene mukuganizira. Lamulo limawerenga zaka zimene munakhala movomerezeka, ndi pepala m'manja. Mmalawi safuna viza kuti alowe mu Zambia, n'zoona, koma chidindo cha pa chipata cha malire cha Mwami chimapatsa mlendo wamba masiku osapitirira 90 pa miyezi 12, ndipo wobwera pa bizinesi 30. Masikuwo akatha, munthu amasanduka wokhala mosaloledwa, ngakhale anansi onse ku Kanyama amamudziwa ngati wawo.

Chimene chimatinyenga ife ndi chilankhulo. Mkongo kapena Msomali amadziwa tsiku lililonse kuti ndi mlendo, choncho amasamala mapepala. Ife tikatsika basi pa Intercity timamva Chinyanja paliponse, timapeza a Phiri, a Banda ndi a Mwale pa msika wa Soweto, mwezi wa Ogasiti timapita limodzi ku Kulamba ku Mkaika kukagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi, yemwe ndi mfumu ya Achewa a maiko atatu. Timaiwala kuti malire alipo. Wa Imigireshoni akaima pakhomo safunsa mfunda wanu.

Komabe musanataye mtima, loya wabwino adzakufunsani funso limene ambiri salilingalira: anakubalani ndani? Malamulo aakulu a dziko la Zambia, monga anasinthidwira mu 2016, amati munthu ndi nzika ngati pa tsiku limene anabadwa mmodzi wa makolo ake anali nzika. M'midzi ya m'malire, ku Vubwi, Chadiza, Chipata ndi Lundazi, maukwati odutsa malire ndi ochuluka kwambiri. Alipo anthu amene akubisala ngati alendo pamene amayi awo anali a ku Katete, ndipo nkhani yawo si ya Residence Permit n'komwe, ndi yotsimikizira unzika. Ngati makolo onse ndi a ku Malawi, loya adzakuuzani njira yokonzera kakhalidwe kanu, imene nthawi zina imatanthauza kulipira chindapusa, kutuluka, n'kulowanso ndi pemiti yoyenera. Kuwerenga zaka kumayambira pamenepo. N'zowawa, koma amene angakulonjezeni kuti zaka 20 zija azisandutsa zovomerezeka ndi chidindo chimodzi akukugulitsani mlandu.

Kodi loya ndi wofunikadi? Anthu akuti masiku ano zonse ndi pa intaneti.

Lamulo silikakamiza munthu kukhala ndi loya. Mafomu amadzazidwa pa intaneti, mapepala amakwezedwa pomwepo, ndipo munthu amene wagwira ntchito pa kampani imodzi zaka 10, mapemiti ake onse ali bwinobwino m'fayilo, akhoza kupempha yekha kapena kudzera kwa a ofesi ya antchito pa kampanipo.

Loya amafunika pamene mbiri yanu ili ndi mfundo yomangika: panali miyezi imene pemiti inatha musanaikonzenso, munasintha abwana, munamangidwapo, mayina akusiyana pa mapepala, amuna anu anamwalira musanakwanitse zaka 5, kapena munakanidwa kale. Ine ndimalangiza ngakhale amene zawo zili bwino kuti alipire ola limodzi loti loya awerenge fayilo asanaitumize. Chimene mwatumiza ku boma sichibwereranso m'thumba mwanu, chimakhala m'kompyuta yawo ndipo adzachiyerekeza ndi chilichonse chimene mudzanene m'tsogolo.

Loya weniweni ndimudziwa bwanji?

Loya wa mu Zambia amakhala atamaliza digiri ya malamulo, atapambana mayeso a ku ZIALE (sukulu yokonzekeretsa maloya), atalumbiritsidwa ku khoti, ndipo chaka chilichonse amatenga satifiketi yogwirira ntchito kudzera ku Law Association of Zambia, imene anthu amangoti LAZ. Funsani dzina lake lonse ndi dzina la ofesi yake, kenako mufunse ku LAZ ngati ali ndi satifiketi ya chaka chino. Loya woona sakwiya ndi funso limeneli.

Palinso alangizi a za imigireshoni amene si maloya koma analembetsedwa ku dipatimenti. Ameneyu akhoza kukudzazirani mafomu ndi kulondola fayilo, ndipo nthawi zambiri ndi wotchipirapo, koma sangakuimireni m'khoti. Muuzeni akuonetseni chikalata chake cholembetsera.

Gulu lachitatu ndi madobadoba, aja amakukumanani m'galimoto kapena pa malo odyera, alibe ofesi, nambala ya foni amasinthasintha, ndipo mawu awo oyamba ndi akuti "ndili ndi munthu wanga m'kati". Loya wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ngakhale ali m'bale wanu, sangakuimireni muno pokhapokha ataloledwa kugwira ntchito mu Zambia. Akhoza kukuthandizani ndi mapepala a kumudzi basi.

Tsiku loyamba ndinyamule chiyani?

Chilichonse, ngakhale chimene mukuchiona ngati chachabe. Mapasipoti onse, akale omwe, chifukwa zidindo za m'menemo ndizo umboni wa maulendo anu. Mapemiti onse kuyambira yoyamba, ndi malisiti ake. Makalata a ntchito, mapepala a malipiro, sitetimenti ya NAPSA (bungwe la penshoni), nambala ya msonkho ya TPIN ya ku ZRA (bungwe lotolera msonkho). Ngati muli ndi kampani, mapepala a PACRA (ofesi yolembetsa makampani) ndi umboni woti msonkho mumalipira. Satifiketi ya ukwati, za kubadwa kwa ana, ndi reji (chitupa cha boma, NRC) ya amuna kapena akazi anu ngati ali nzika.

Sitetimenti ya NAPSA anthu amaipeputsa, koma imaonetsa mwezi ndi mwezi kuti munkagwira kwa ndani. Imatha kukupulumutsani pamene kampani yakale inatsekedwa ndipo palibe woti akulembereni kalata. Imathanso kukuululani, ngati ikuonetsa kuti munkalandira malipiro kwa abwana ena osati amene analembedwa pa pemiti. N'chifukwa chake ndi bwino loya aione iye poyamba.

Kalata ya apolisi yoonetsa kuti mulibe mlandu musathamangire kuitenga loya asanakuuzeni nthawi, chifukwa imakalamba msanga. Ya ku Malawi imachokera ku likulu la apolisi ku Area 30 ku Lilongwe ndipo imafuna zidindo za zala.

Ndimuuze zonse, ngakhale zimene zingandimangitse?

Inde. Zimene mwauza loya pofuna uphungu ndi zachinsinsi, lamulo limaziteteza. Dobadoba alibe lamulo lotere, mawa akhoza kukuopsezani nazo. Chimene loya sangachite ndi kukuthandizani kulemba bodza pa fomu kapena kulumbira bodza pamaso pa wolumbiritsa anthu (Commissioner for Oaths). Akakana zimenezo musamuone ngati wouma mtima.

Amalume anandidulira reji yobiriwira ku Chipata ndili mnyamata, ngakhale makolo anga onse ndi a ku Malawi. Ndingoigwiritsa ntchito?

Nkhani iyi ili m'nyumba zambiri kuposa mmene timavomerezera. Mnyamata wafika zaka 16, amalume amene anakwatira tsidya lino apita naye kwa amfumu, anena kuti ndi mwana wawo, reji yatuluka. Ndi reji imeneyo walembera mayeso, watsegula akaunti ku banki, mwina wavoterapo.

Reji yobiriwira ndi ya nzika zokha. Alendo okhala muno mololedwa amapatsidwa ya mtundu wina. Reji yotengedwa ponama siimupanga munthu kukhala nzika, ngakhale patapita zaka 30, ndipo kukhala nayo ndi mlandu. Vuto limakula mukafuna Residence Permit, chifukwa simungauze boma kuti ndinu mlendo wopempha kukhazikika pamene m'kaundula wa boma lomwelo mwalembedwa ngati nzika yobadwira ku Chipata. Kale mapepala ankagona m'makabati a maboma osiyanasiyana osakumana. Tsopano Zambia ikusamutsira kalembera wake ku makompyuta ndi zidindo za zala kudzera mu ndondomeko yotchedwa INRIS, ndipo Malawi analembetsa anthu ake ndi zala zomwezo mu 2017. Zala sizisintha dzina.

Musaganize kuti udindo kapena kutchuka kumatseka nkhani ya makolo. Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa, ku Chinsali, mu 1924, analamulira dziko lino zaka 27, koma chifukwa makolo ake anachokera ku Nyasaland, malamulo a 1996 anamutsekera mpikisano wa upulezidenti, ndipo mu 1999 khoti la ku Ndola linafika ponena kuti si nzika. Chigamulocho sichinakhalitse, koma chinaonetsa kuti funso loti "kwanu n'kuti" likhoza kudzutsidwa nthawi iliyonse munthu akakhala ndi adani. Kwa munthu wamba mdaniyo amakhala mnzake wa pa msika, mlamu pa nkhani ya chuma cha masiye, kapena mkazi amene analekana naye.

Musaitaye reji imeneyo m'chimbudzi, ndipo musapite nokha kukaipereka. Pitani nayo kwa loya. Iye adzayamba wafufuza ngati mulidi opanda ufulu wa unzika, chifukwa nthawi zina agogo kapena kholo limodzi limasintha nkhani yonse. Ngati mulibe, adzakonza njira yoti muibweze mwaulemu, ndi kalata yofotokoza kuti munali mwana pamene inadulidwa.

Ndilipira zingati?

Pali ndalama ziwiri, ndipo musalole kuti zisakanizidwe. Yoyamba ndi ya boma, imene mtengo wake umalengezedwa ndipo umasintha nthawi ndi nthawi. Imalipidwa kudzera m'njira za boma ndipo lisiti yake imatuluka m'dzina lanu. Yachiwiri ndi ya loya. Ena amatchula mtengo umodzi wa ntchito yonse, ena amawerenga maola.

Musanapereke ngwee, pemphani kalata ya mgwirizano yonena ntchito imene agwire, mtengo wake, ndi zimene sizili m'kati. Funsani mwachindunji kuti, akakana, apilo ili mu mtengo womwewu kapena ndi ina? Ana ndi amayi akunyumba akuwerengedwa? Ndalama imene mwapereka pasadakhale iyenera kulowa mu akaunti ya ofesi yosungira ndalama za makasitomala, osati pa nambala ya foni ya munthu. Mukamva mawu akuti "yothamangitsira fayilo" kapena "ya anyamata a m'kati", dziwani kuti ndi chiphuphu, ndipo lamulo la 2012 lolimbana ndi katangale limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Pemiti yotuluka mwanjira imeneyo ikhoza kulandidwa tsiku limene wolandirayo adzagwidwe ndipo mafayilo onse amene anawakhudza adzatsegulidwe.

Akuti ndimusiyire pasipoti. Ndivomere?

Mafomu a pa intaneti amafuna makope. Ngati pasipoti yeniyeni ikufunika tsiku lina, pitani nayo nokha kapena asaine kuti wailandira ndi tsiku loibweza. Onetsetsaninso kuti imelo ndi nambala ya foni zolembedwa pa pempholo mukuzidziwa, ndipo nambala ya fayilo muli nayo. Fayilo ndi yanu, si ya loya.

Tinakwatirana mwamwambo, ankhoswe alipo, koma ku khonsolo (Civic Centre) sitinapiteko. Ukwati wathu ukuwerengedwa?

Zambia imavomereza ukwati wamwambo, koma ofesi imafuna pepala. Ankhoswe sangakwezedwe pa intaneti. Ukwati wamwambo umatha kulembetsedwa ku Local Court, ndipo wa lamulo la maukwati umamangidwa ku khonsolo kapena kutchalitchi chololedwa kutero. Loya adzakuuzani pepala limene likugwirizana ndi mmene munakwatiranira, chifukwa maukwati awiriwa amasiyana pa nkhani ya mitala, chisudzulo ndi chuma.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti zaka 5 zija zimawerengedwa pa Spouse Permit, osati pa tsiku la chinkhoswe. Mayi amene wakhala pa banja ndi bambo wa ku Petauke zaka 15 koma sanatengepo pemiti ali pa chiyambi penipeni. Amayi ambiri amagwa pamenepa chifukwa bambo amati "ndiwe mkazi wanga, ndani angakugwire", ndipo nkhaniyo imadzatulukira pa maliro a bamboyo, achibale akufuna nyumba. Ngati ukwati ukugwedezeka kapena bambo akudwala, onanani ndi loya nthawi yomweyo, ndipo akhale loya wanu, osati wa banja la kuchimuna.

A Imigireshoni ali ndi ufulu wofufuza ngati ukwatiwo ndi weniweni. Akhoza kukufunsani payekhapayekha kapena kufika kunyumba.

Pa pasipoti ndine Chisomo Phiri, pa satifiketi ya sukulu Chisomo Banda, ndipo chaka chobadwa chikusiyana. Ndi vuto?

Kwa ife si zachilendo. Wina analembetsa sukulu ndi mfunda wa amalume amene ankamulera, wina anachepetsa zaka kuti abwereze Sitandade 8, wina tsiku lobadwa analipeka pa kauntala. Kwa wowerenga fayilo, amenewo ndi anthu awiri. Loya amakonza chikalata cholumbira chofotokoza kusiyanako, ndipo ngati cholakwika chili pa pepala la ku Malawi, chimakonzedwa ku Malawi kapena kudzera ku ofesi ya kazembe wa Malawi muno mu Lusaka. Chitani zimenezi musanatumize pempho. Ochokera ku Mozambique akumbukire kuti mapepala a Chipwitikizi amafuna kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka.

Ndinasintha ntchito pa chaka cha 6. Ndiyambirenso kuwerenga?

Zimadalira mmene munasinthira. Employment Permit amapempha ndi abwana ndipo imalembedwa dzina la kampani ndi udindo wanu. Ngati kusinthako kunadutsa ku Imigireshoni ndipo panalibe mpata pakati, loya ali ndi poyambira kunena kuti zaka zanu n'zotsatizana. Ngati munangosamuka n'kumagwira kwina ndi pemiti ya kampani yakale, kapena panadutsa miyezi mulibe pepala, unyolo unaduka, ndipo afunika kuona ngati kudukako kungafotokozedwe. Mwachitsanzo, ngati pempho lokonzanso linalowa pemiti isanathe ndipo kuchedwa kunali kwa ofesi, lisiti ya tsiku limenelo ndi umboni wamphamvu. Amene mukadali pa chaka cha 3 kapena cha 4, sungani makope anu kunyumba. Makampani amatsekedwa, ndipo mafayilo a antchito amapita nawo.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji, nanga pemiti yanga ikatha ndikudikira?

Palibe loya amene ali ndi tsiku m'manja mwake, chifukwa wogamula si iye. Chimene angachite ndi kutumiza fayilo yokwanira kuti isabwezedwe, kuyankha msanga akafunsa pepala lina, ndi kulemba kalata yokumbutsa ikakhalitsa. Gwirizanani kuti azikuuzani mmene zilili kamodzi pa mwezi, ngakhale palibe chatsopano.

Kupempha Residence Permit sikutalikitsa pemiti imene muli nayo. Ngati ikutha, funsani loya mwezi wothera usanafike kuti muikonzenso kapena mutenge pepala lotani lokusungani. Musapite kumudzi pa nthawiyi musanamufunse, ngakhale ku maliro, chifukwa kutuluka n'kosavuta koma pobwerera pa Mwami mukhoza kudindidwa ngati mlendo wamba.

Akandikana ndiye kuti zatha?

Ayi, koma apa mpamene loya amafunika tsiku lomwelo. Lamulo limalola kudandaula kwa Nduna yoona za m'dziko, ndipo nthawi yochitira zimenezo ndi yaifupi kwambiri. Kalata yokana musagone nayo. Ijambuleni, muitumize kwa loya, mulembe tsiku ndi ola limene mwailandira.

Pamwamba pa Nduna pali High Court, imene imatha kuunika chigamulo cha boma. Khotilo silipereka pemiti. Limaona ngati ofesi inatsata lamulo, inakumverani, ndiponso ngati chifukwa chake n'chomveka, ndipo likapeza cholakwika limafafaniza chigamulocho kuti nkhani ionedwenso. Njira imeneyi ndi yodula ndipo imatenga nthawi. Ngati anakana chifukwa pepala lina linasowa kapena zaka sizinakwane, kawirikawiri n'kwanzeru kukonza n'kupemphanso. Loya amene akuthamangira kukhoti asanakufotokozereni njira yotchipayi, mufunseni chifukwa.

Amene wamangidwa pa mlandu wa imigireshoni ndipo alibe ndalama akhoza kupempha loya wa boma ku Legal Aid Board.

Ana anga anabadwira ku chipatala cha UTH muno mu Lusaka. Si nzika kale?

Kubadwira muno pakokha sikupereka unzika. Ngati bambo kapena mayi anali nzika pa tsiku lobadwa, mwanayo ndi nzika. Ngati nonse ndinu alendo, mwanayo ndi mlendo ndipo ayenera kulembedwa pa pemiti yanu. Samalani ndi zaka 21. Mwana amene wadutsa pamenepo salowanso pa khomo la makolo, ayenera kupeza lake, ndipo mabanja ambiri amazindikira izi mwana ali pakati pa maphunziro ku yunivesite ya UNZA. Komabe wobadwira muno ali ndi mwayi wina: akakwanitsa zaka 18 ndipo wakhala muno movomerezeka zaka zosachepera 5, akhoza kupempha unzika ku Citizenship Board, bungwe loona za unzika.

Ndikalandira Residence Permit, palibenso angandichotse?

Angathe. Pemiti imalandidwa ngati inapezedwa monama, ndipo ikhoza kufa yokha mukakhala kunja nthawi yaitali osadziwitsa ofesi. Amene mukuganiza zokagwira ntchito ku Johannesburg kapena kukalima kumudzi zaka zingapo, funsani loya za malire ake musananyamuke. Nduna ilinso ndi mphamvu yothamangitsa mlendo amene ikumuona kuti ndi woopsa pa mtendere wa dziko.

Mphamvu imeneyo ili ndi malire, ndipo nkhani ya Roy Clarke ndi imene maloya amaitchula. Clarke, wochokera ku Britain, anakhala muno zaka zambiri ndi mkazi wake wa ku Zambia ndipo ankalemba nkhani zoseketsa zonyoza andale mu nyuzipepala ya The Post. Mu Januwale 2004 boma linalamula kuti achoke chifukwa cha nkhani imene inayerekeza atsogoleri ndi nyama za ku Mfuwe. High Court inafafaniza lamulolo chaka chomwecho, ndipo mu 2008 Supreme Court inakana apilo ya boma ponena kuti chilangocho chinaposa cholakwacho. Anapulumuka chifukwa mapepala ake anali oyera ndipo maloya ake anafika kukhoti msanga, iye asanakwezedwe ndege.

Kodi ndingadzakhale nzika osataya unzika wa Malawi?

Tsopano n'zotheka. Zambia inavomereza unzika wa maiko awiri mu 2016, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Malawi inasintha lamulo lake kumapeto kwa 2018. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa amene wakhala muno movomerezeka zaka 10 akhoza kupempha kulembedwa unzika, ndipo amene wakhala pa banja ndi nzika zaka 5 ali ndi khomo lake. Pempholi silipita ku Imigireshoni, limapita ku Citizenship Board, ndi mafomu ena ndi ndalama ina. Funsani loya kuti kwa inu zaka ziyamba kuwerengedwa liti, ndipo mbali ya Malawi muifunse ku ofesi ya kazembe, chifukwa nakonso kuli zolembetsa zake.

Loya wanga analandira ndalama, miyezi yapita, foni sakuyankha. Nditani?

Yambani ndi kalata, osati foni. Lembani tsiku limene munalipira, ndalama zake, ndi zimene munagwirizana, mupemphe nambala ya fayilo ndi lisiti ya boma pofika tsiku lakuti, ndipo wa pa ofesi yake adinde kope yanu. Ndi nambala imeneyo mukhoza kufunsa nokha ku Imigireshoni ngati pempho linalowadi. Muli ndi ufulu wosintha loya ndi kutenga mapepala anu, ngakhale akhoza kufuna kuti mulipire kaye ntchito imene wagwira kale.

Akapanda kuyankha, kadandauleni ku LAZ, imene ili ndi komiti yomva madandaulo okhudza maloya, mutanyamula kalata ya mgwirizano, malisiti ndi mauthenga onse. Ngati mwapeza kuti munthuyo sanali loya n'komwe, imeneyo ndi nkhani ya apolisi. Koma ngati pemiti yanu inatha pa nthawi imene munkamudikira, kaonaneni kaye ndi loya weniweni kuti apite nanu, chifukwa pa kauntala ya apolisi funso loyamba kwa mlendo limakhala la mapepala ake.